Ulusi Wolekeza M'chigongono

Lachiwiri, 3 Juni

Andigoneka dzulo kuno ku Goroka, ku wodi ya amayi odwala maganizo. Bedi langa lili pafupi ndi zenera lotchinga ndi waya. A Sisitala Amoko, omwe ndi nesi wamkulu muno, andipatsa kope ili ndi kapensulo, akuti ndizilemba mankhwala amene ndamwa ndi zimene ndadya. Ndine Ketura wa ku Safayufa, woluka mabilumu, matumba athu a ulusi. Kaya ndinene kuti ndinali woluka.

Mankhwala: amitiriputilini, mamiligiramu 25, madzulo. Chakudya: tiyi theka la kapu.

Lachitatu, 4 Juni

Anditenga magazi. Adokotala a Tamane akuti malungo ndilibe, magazi okha ndi ochepa pang'ono, andiwonjezera mapiritsi ake ofiira. Nthenda yeniyeni akuti ndi yovutika maganizo. Anafunsa kuti zinayamba liti. Anayankha ndi Nelda, mwana wanga. Anati titangoika bambo ake, a Benaya, chaka chatha, ndinasiya kuluka, kenako kumunda, kenako kudya. Sabata yatha ndinamuuza kuti moyo ndatopa nawo. Mawu amenewo ndi amene andibweretsa kuno.

Sindikumva chisoni. Sindikumva kanthu.

Lachisanu, 6 Juni

Bilumu imene ndinabwera nayo anandilanda tsiku loyamba lomwe, chifukwa cha lamba wake wautali. Muno simulowa chingwe, ulusi kapena singano. Lero a Sisitala anabwera kudzapepesa, ati akudziwa kuti kumulanda mayi bilumu kuli ngati kumuvula. Ndinati musavutike, manja angawa anafa kale.

Bedi loyandikana nalo ndi la mayi Mondo a ku Simbu, ogulitsa buai, mtedza wotafuna wofiiritsa mano, pamsika waukulu. Nthenda yawo ndi yosemphana ndi yanga: ine mawu anandithera, iwo sawathera. Buai ndi woletsedwa muno, ndiye mano awo ofiira aja amangotafuna mpweya. Lero andiuza mbiri ya amuna awo onse atatu. Nditatembenukira kukhoma, iwo anazungulira bedi kudzamalizitsa nkhani.

Lamulungu, 8 Juni

Nelda wabwera ndi mbatata yootcha ndi nkhwani wophikira m'nsungwi. Mimba yake yakula, akuyenda atagwira msana. Ndi yoyamba, ndipo kusikelo amuuza kuti ayembekezere kumapeto kwa Julaye.

Za bilumu ya mwana sanatchule, koma tonse awiri tinali kuiganizira. Kwathu mwana woyamba amachoka kuchipatala ali m'bilumu yoluka agogo ake akuchikazi, ndipo amagona momwemo mpaka atayamba kukwawa. Akuchimuna polandira mwana amayamba ayang'ana thumbalo, kuti aone ngati mtengwa wawo ali ndi mayi kumbuyo kwake. Nelda anagona mu ya amayi anga. Wakeyu adzagona mu ya ndani?

Ndinadya mbatata theka kuti asalire.

Lachiwiri, 10 Juni

Mankhwala akweza, mamiligiramu 50. Kukamwa kwauma gwa. Ndikadzuka mofulumira ndikuchita chizungulire, ati ndiziyamba ndakhala kaye m'mphepete mwa bedi. Mpunga ndi nsomba ya m'chitini, masipuni angapo.

Lachinayi, 12 Juni

Kwabwera achemwali anga aakulu, a Sipora. Gulu lathu la oluka ku Safayufa analiyambitsa ndi iwo, ndipo kalukidwe kalikonse kamene timagulitsa kanachokera m'mutu mwawo: Phazi la Nkhumba, Mvula ya Masana, Khomo la Tchalitchi. Iwo amaganiza, ine ndimaluka. Takhala chonchi kuyambira ndili mtsikana, ndipo sindinadandaulepo.

Anawakaniza kulowa ndi katundu wawo, ndiye anazungulira panja nkudzaima pazenera langa, atatambasula bilumu yatsopano.

"Iwe Ketura, tadzuka uone. Phazi la Nkhumba, lofiira ndi lachikasu, mmene unkalukira iwe muja. Ndi ya mwana wa Nelda. Akuchimuna tikawauza kuti waluka ndiwe."

"Limenelo ndi bodza, achemwali."

"Bodza lake liti? Ndani angasiyanitse dzanja lako ndi langa? Ine ndemwe sindisiyanitsa."

Ananena mwachikondi, ndipo ananena zoona. Nchifukwa chake zinandilasa. Zaka zonsezi ndaluka mpaka zala kupindika, koma palibe thumba limene munthu angaloze nkunena kuti ili ndi la Ketura. Atapita ndinamva kanthu pachifuwa, koyamba chaka chino. Kanthuko kanali mkwiyo.

Lolemba, 16 Juni

Adokotala anafunsa mmene ndikumvera. Ndinati ndakwiya ndi mkulu wanga. Anamwetulira ngati ndawapatsa mphatso, nkulemba m'faelo. Anthu ophunzirawa ali ndi zawo.

Ndinawapempha ulusi. Ndinadabwa ndekha kumva mawuwo akutuluka. Anayang'ana a Sisitala, a Sisitala nkuyang'ana kudenga.

"Mayi Ketura, muno simuli nokha," anatero a Sisitala. "Ulusi wautali ukasowa, ine sindigona mpaka ndiupeze. Koma tandisiyani ndiganize."

Mankhwala: mamiligiramu 75 kuyambira lero. Ndadzimbidwa, andipatsa papaya.

Lachiwiri, 17 Juni

A Sisitala aganizadi, Mulungu awadalitse. Ndizilukira patebulo la pafupi ndi zenera la manesi, kuyambira tikamwa tiyi mpaka chakudya chamasana. Ulusi azidula okha, chidutswa chilichonse kuyambira kunsonga ya chala kulekeza m'chigongono. Ndizilumikiza chimodzi, kuchiluka chithe, kenako china. Singano yanga ya waya wa ambulera azisunga iwo pamodzi ndi cholukacho, m'kabati yokhoma.

Ndinafuna kuseka. Woluka aliyense amadziwa kuti ulusi wogwira nawo ntchito umatalika mikono yotambasula iwiri, ndipo kalukidwe ka achemwali kamafuna maulusi ambiri aatali oyendera limodzi, wina kubisala, wina kutulukira. Ndi tizidutswa totere sungaluke ngakhale chikhadabo cha nkhumbayo. Koma ndinati zikomo, chifukwa mayiyu anadula ulusi ndi manja ake mpaka lumo kumutupitsa chala.

Ulusi umene ulipo ndi wa juzi yakale yotuwa ya mizere yakuda imene wodwala wina anasiya. Ndaupota pantchafu. Ntchafu inaiwala, yachita kufiira.

Lachinayi, 19 Juni

Manja akunjenjemera, akuti ndi mankhwala. Ndinayesabe Phazi la Nkhumba ndi wotuwa ndi tizidutswa takuda. Ndikangoyamba ngodya, ulusi watha. Ndikalumikiza, ngodya yapotoka. Ndinaponya pansi.

"Amake Nelda, chimenechi ndi chiyani?" anafunsa mayi Mondo atatola. "Nkhumba yake inagundidwa ndi basi?"

"Ndisiyeni, mayi."

"Ayi ndithu, ndikufunsa ngati kasitomala. Ine pamsika, buai akakhala wamng'ono sindinamiza anthu kuti ndi wamkulu. Ndimati, wamng'ono uyu, koma alume muone. Inu mwapatsidwa waufupi, mukulimbana ndi zautali. Lukani zazifupizo."

Amayankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye mwa mawu onsewo ena ayenera kugwa pabwino. Ndinatola.

Loweruka, 21 Juni

Ndasiya kuwerenga mabowo. Ndikungoluka mzere pambuyo pa mzere, chidutswa chikatha nkutola china m'beseni osayang'ana. Wotuwa, wakuda, wotuwa. Ndi chonyansa, koma chikukula.

Ndadya mbale yonse ya mpunga. A Sisitala anaombera m'manja ngati ndine mwana wa kusikelo.

Lamulungu, 22 Juni

Nelda anaona chimene ndikuluka. Sananene kuti nchokongola, mwana wanga sanama. Anangochigwira nkufunsa kuti, "Amayi, ndi ya mwanayu?"

"Kaya, mwanawe. Mwina sindimaliza. Ya amayi ako aakulu ilipo, ndi yabwino."

"Ndaiona. Ine ndafunsa za iyi."

Anapita kwa a Sisitala nkuwapatsa kathumba. Munali juzi ya bambo ake, yofiirira ija ankavala pothyola khofi, yong'ambika m'zigongono. Ati imasuleni muwadulire amayi. Ndinakana kuiyang'ana. A Sisitala anaiika m'kabati osandikakamiza.

Lachitatu, 25 Juni

Ndinapempha juzi ija. Tinaimasula awiri, a Sisitala akudula, ine ndikuwongola. Ikadanunkha utsi wa m'nyumba mwathu. Ndinalira kuyambira pakhosi pake mpaka m'chiuno mwake. Pamaliro sindinalire chonchi, ndinkangoyang'ana anthu akudzipaka dothi. Mayi Mondo anakhala pambali panga nkukhala chete, ndipo wodi yonse inadabwa.

Lachinayi, 26 Juni

Sindinadzuke. Tiyi yekha.

Lachisanu, 27 Juni

Chimodzimodzi. Adokotala akuti zimachitika, njira yake si yowongoka. Mankhwala sasintha. Anafunsa ngati maganizo aja abweranso. Ndinati abwera, koma aima patali. Usiku manesi azindiyang'ana pafupipafupi.

Lamulungu, 29 Juni

Ndabwerera patebulo. Ndinapeza beseni ladzaza. Masiku amene ndinagona, mayi Mondo anayenda bedi ndi bedi kupempha ulusi ngati msonkho. Apereka chipewa chawo chofiira. Mayi wina wosayankhula, amene anataya mwana pobereka, wapereka sokosi zobiriwira. Wokolopa wabweretsa sikafu yachikasu, ndipo a Sisitala awonjezera wabuluu wotsala poluka juzi ya mwana wawo. Zonse zodulidwa kale, zolekeza m'chigongono.

"Musatichititse manyazi," anatero mayi Mondo. "Mutu wanga ukuzizira chifukwa cha inu."

Anthu amene alibe ngakhale lamba wa m'chiuno andipatsa zonsezi. Ndinangogwira manja awo mmodzimmodzi.

Lachitatu, 2 Julaye

Lero pachitika kanthu, ndilembe ndisanaiwale. Chidutswa chofiirira cha a Benaya chitatha, dzanja linapita m'beseni monga mwa masiku onse nkutola chakuda. Ndinachiyang'ana, ndipo mtima unati ayi. Ndinachibweza nkufunafuna chobiriwira. Nditachilumikiza ndinaona kuti nchimene chimafunika pamenepo, ngati khofi wophuka pa dothi lonyowa. Chitatha chobiriwiracho ndinadzifunsanso, ndipo yankho linabweranso.

Ulusi wautali sufunsa. Umauyamba, umatsata chimene achemwali anajambula, mutu uli kwina. Waufupiwu ukatha umaima nkundiyang'ana, ndipo woyankha palibe wina koma ine. Tsiku limodzi lokha wandifunsa kambirimbiri. Ndinazindikira kuti nthawi yatha a Sisitala atandigwira paphewa, mpunga utazizira kale.

Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndasangalala.

Lachisanu, 4 Julaye

Magazi akwera, mapiritsi ofiira ndipitirize mwezi wina. Sikelo ikuti ndanenepako. Kunjenjemera kwachepa. Kukamwa kukadali kouma, ndikuyenda ndi botolo la madzi.

Mitundu ikuyenda timizere tatifupi, tina kukwera, tina kudukiza, tina kukumana. Wofiira wa mayi Mondo ndikuuika pang'onopang'ono, chifukwa ukachuluka umasokosa ngati mwini wake. Ndawauza, aseka chikhakhali mpaka kutsokomola.

Lamulungu, 6 Julaye

Achemwali abwera ndi nyama ya nkhumba ya pa mumu wa kutchalitchi, yophika m'dzenje la miyala yamoto, yokulunga m'masamba. A Sisitala anatulutsa cholukacho kuti aone. Anachitembenuza uku ndi uku, akuwerenga ndi chala, milomo ikuyenda. Kenako anachiika pansi.

"Ketura, ichi chilibe mutu, chilibe mchira. Ukufuna anthu a kwa apongozi a Nelda adzati chiyani? Akudziwa kale kumene uli. Akadzaona ichi adzati, onani, bilumu ya wamisala. Mwanayo adzakula ndi dzina limenelo."

Mawu amenewo ndinali nditadziuza kale ndekha.

Mayi Mondo anadzuka pabedi. "Pepani mayi, amisalafe tili pompano, tikumva. Chofiira icho ndi chipewa changa, muzichitchula mwaulemu."

"Sindikuyankhula ndi inu."

"Palibe amene amayankhula ndi ine, ndimayamba ndekha."

Achemwali anatembenukira kwa ine, mawu atatsika. "Zokongola tizisiye. Taona polumikiza ponsepa. Bilumu ya mwana imafuna ulusi wautali chifukwa polumikiza paliponse ndi pofooka. Iwe uli ndi polumikiza pa chala chilichonse. Ikadzaduka mwana ali m'kati, pa phiri lathu lija, udzakhala ndi moyo iwe?"

Achemwali si munthu wankhanza. Anandilera ndi iwo ndili mwana, ndipo kudwala kwangaku awonda nako. Akuopa, ndipo tsopano nanenso ndikuopa. Nyama ija ndinagawira anzanga, ine sinalowe.

Lachiwiri, 8 Julaye

Dzulo sindinaluke, ndinangokhala nkumakoka polumikiza pamodzipamodzi. Palibe pamene panasuntha. Ndimapota nsonga ziwirizo pantchafu mpaka zisanduke umodzi, mfundo sindimanga. Koma mtima sunakhale m'malo.

Ndinafunanso kumasula mizere yoyamba ija, yotuwa ndi yakuda, ya nkhumba yogundidwa ndi basi. Singano ndinali nditailowetsa kale. Kenako ndinaganiza kuti masiku amenewo analiko, ndipo ndi amene agwira mizere inayi. Ndaisiya.

Lachinayi, 10 Julaye

Mayi Mondo atuluka lero. Mankhwala awagwira, tsopano amayankhula nkumapumira. Mchimwene wawo anabwera kudzawatenga. Potsazikana anandikumbatira mpaka nthiti kulira.

"Amake Nelda, mukadzadutsa pamsika osandipatsa moni, ndidzakuwa kuti uyo anandibera chipewa. Mwanayo mudzabwere naye ndidzamuone ali m'thumbamo. M'thumba ili, osati la nkhumba lija."

Wodi yangoti zii. Sindinkadziwa kuti phokoso lingasowedwe chonchi.

Lamulungu, 13 Julaye

Thupi la bilumu latha dzulo, watsala lamba. Ndinatumiza uthenga kwa achemwali kuti abwere ndi mbatata yaiwisi yambiri, ndipo abwera nayo atasenza, nkhope ili gwa.

"Iyeseni," ndinatero. "Ikaduka, mwana alowe mu yanu, ndipo sindidzatchulanso."

Anathiramo mbatata yolemera kuposa ana awiri. Iwo anagwira mbali ina, a Sisitala mbali ina, nkunyamula. Anaigwedeza. Anaidumphitsa m'mwamba nkuiwakha. Achemwali anachita kuikoka ndi ukali, ngati ili ndi mlandu nawo. Amayi onse a muwodi anazungulira, ine ndinatseka maso. Ndinkangomva mbatata zikugundana ndi kupuma kwa achemwali.

Sinaduke. Inatambasuka bwinobwino nkubwerera.

Achemwali anaikhuthula nkuyang'ana polumikiza pafupi ndi maso, akufunafuna nsonga. "Mbatata si mwana," anatero pomaliza. "Ndipo lamba mulibe. Lamba ndiye amanyamula zonse. Ameneyo ukalumikizalumikiza, ine ndidzagona pakhomo la chipatala kuti mwana asadutse."

Pamenepo sindinatsutse. Lamba wa tizidutswa ngakhale ine sindingamukhulupirire. Mbatata ija tapereka kukhitchini.

Lolemba, 14 Julaye

Ndinawafotokozera adokotala za lamba, kuti amafuna ulusi wautali weniweni, wopota kawiri. Anatseka faelo nkukoka mpando.

"Mayi Ketura, ndikufunsani mosazungulira, inunso mundiyankhe mosazungulira. Maganizo ofuna kudzichotsa aja alipo?"

Ndikanatha kungoti ayi kuti ndipeze ulusi. Koma bamboyu sanandinamizepo. Ndinati masiku ena m'mawa kumalemera, ngati ndasenza nkhuni zonyowa. Koma maganizo aja sanabwere chiyambire mwezi uno, ndipo akadzabwera ndikudziwa oyamba kuwauza: a Sisitala, Nelda, kapena iwowo.

"Nanga lamba akatha? Mudzadzukira chiyani?"

Funso limeneli sindinaliyembekeze. Ndinati ndili ndi ina m'mutu, ya mayi wa sokosi zobiriwira uja. Ndaiona kale mitundu yake. Ndinazindikira ndikunena kuti nzoona.

Anati akambirana ndi a Sisitala. Mankhwala akhala pa 75, ndipo ndidzamwabe miyezi yambiri ndikatuluka, ngakhale ndidzimve bwino chotani.

Lachiwiri, 15 Julaye

Titamwa tiyi, a Sisitala anandiitana kuofesi. Anandipatsa mpukutu wathunthu wa ulusi wofiirira, wotsala wa juzi ya a Benaya, umene sanaudule. Anandipatsanso singano yanga, nkutsekula chitseko cha panja.

"Kakhaleni pansi pa mtengo wa mapeyala uwo. Mubwere belu la chakudya likalira."

"Ndekha?"

"Nokha. Ine ndili ndi ntchito."

Ndikudziwa kuti ankasuzumira pazenera, koma anayesetsa kuti ndisawaone. Ndinakhala pa udzu. Chifunga chinali chikuchoka m'mapiri. Ndinatambasula ulusi mikono iwiri, kenako inayi, wautali ngati kale. Ndinauyang'ana nthawi ndithu uli m'manja mwangamu, ndikudikira kuti ndione chimene mtima unene. Unali ulusi basi. Ndinakweza siketi nkuyamba kupota.

Belu litalira ndinabwerera nkuwapatsa zonse m'manja. Anandilandira ngati palibe chachitika, koma maso awo anali onyowa. Mayi ameneyu ndidzamuthokoza mpaka kumanda.

Lachisanu, 18 Julaye

Lamba watha, wotambalala ngati chikhatho kuti asapweteke pamphumi. Ndamulumikiza mbali zonse ziwiri nkubwereza katatu. Bilumu yatha.

Sindikudziwa ngati ndi yokongola. Ndikudziwa kuti mzere uliwonse ndikhoza kunena chifukwa chake uli pamene ulipo. Adokotala akuti ndituluka sabata yamawa, ndizibwera kukaonana nawo pakatha milungu iwiri iliyonse.

Lamulungu, 20 Julaye

Nelda sanadikire kumapeto kwa mwezi. Matenda anamuyamba m'mawa ali kutchalitchi, ndipo mwamuna wake anamubweretsa pa galimoto ya khofi. Masana a Sisitala anabwera akuthamanga, chinthu chimene amatiletsa ife.

"Agogo, valani nsapato. Ndi wamkazi!"

Anandiperekeza okha ku wodi ya amayi oyembekezera. Nelda ali bwino, watopa chabe. Mwanayo ndi wamng'ono koma mawu ndi a mayi Mondo. Ndinamunyamula, manja osanjenjemera.

Za thumba palibe anatchula. Ya achemwali inali kale pamutu pa bedi, yopindidwa bwino. Ndi yokongola, zimenezo sindingakane. Ndabwerera kuno mtima uli m'mwamba, chifukwa wosankha ndi Nelda, ndipo amene akakhale ndi apongozi akewo ndi iyeyo, osati ine.

Lachiwiri, 22 Julaye

Ndikulemba ndili kwa apongozi a Nelda, pakhonde. Anatitulutsa tonse m'mawa uno.

A Sisitala anandibwezera bilumu yanga yakale ndi mankhwala a mwezi, nkundipatsa yatsopano ija. "Mukadzafuna wodula ulusi, mukudziwa kumene ndili," anatero. Ndinawagwira dzanja ndi manja onse awiri.

Ku wodi ya Nelda ndinapeza achemwali atayala kale Phazi la Nkhumba pabedi, ndi kabulangete m'kati. Yanga ndinaigwirira kumbuyo ngati mwana woba nthochi. Ndinati, "Mwanawe, usaope kundikhumudwitsa. Ndachira mokwanira kumva ayi."

"Amayi, ipatseni kuno."

Anaitambasula pamiyendo pake nkuiyang'ana nthawi yaitali. Chala chake chinatsata wofiirira uja pamene akuyamba, pamene akusowa, pamene akutulukiranso. Kenako anachotsa kabulangete mu ya achemwali nkukaika mu yanga.

"Amayi aakulu, yanuyi ndiikamo matewera. Ndi yolimba, idzandithandiza."

"Matewera! Phazi la Nkhumba!" Achemwali anagwira kukamwa. "Ana a masiku ano mulibe mantha. Nanga apongozi ako akakaseka?"

"Akaseke. Ndikawauza kuti amayi anga analuka ali m'chipatala, ndi ulusi wa bambo anga."

Anamugoneka mwana m'kati nkundikweza lamba pamphumi. Kulemera kwake kunatsikira m'khosi mpaka kumsana, kofunda, kopuma. Thumba linamukuta bwino ndipo analeka kulira.

Tinayamba kuyenda kupita kugeti, kumene akuchimuna ankadikira ndi galimoto. Ndinamva kanthu kakundikhudza kumsana. Nditacheuka, ndinaona achemwali akuyenda chowerama pambuyo panga, manja onse awiri atatchera pansi pa thumba, okonzeka kuwakha. Mayi wamkulu ngati ameneyo, khonde lonse la chipatala, anthu akuwayang'ana.

"Achemwali, muthyoka msana."

"Yenda iwe, yang'ana kutsogolo."

Pageti apongozi a Nelda anatsika pagalimoto ndi azilamu ake, akululutira. Monga mwa mwambo, mayiyo anayamba wayang'ana thumba. Analizungulira. Anagwira mizere yotuwa ija, anagwira yobiriwira, anakoka lamba pang'ono. Nthungululu zinaleka.

"Mabilumu a ku Safayufa ndimawadziwa onse," anatero, akuyang'ana achemwali. "Kalukidwe aka nkachilendo. Mayi Sipora, mwayambanso kena?"

Achemwali anali chiweramire, manja ali pansi pa mwana. Anayang'ana thumba, anayang'ana ine. Kenako anawongoka pang'onopang'ono, nkuchotsa manja onse awiri, ndipo mwana anatsala pa ulusi wanga wokha.

"Si ine," anatero, akundiloza. "Ndayesa kuwerenga, sindikupeza poyambira. Mufunseni mwini wakeyu, Ketura."